Mayi woyembekezera asasiyidwe yekha pa nthawi ya mliri

Matenda a Covid-19 atapezeka m'Malawi mu Epulo 2020, misonkhano ikuluikulu inali yoletsedwa, ndipo amayi ena oyembekezera ankaopa ngakhale kupita kusikelo. Nkhawa yosowa woiuzako imalanda mayi tulo ndi chilakolako cha chakudya, chonsecho mwana m'mimbamo akudalira iyeyo.

Apa ndi pamene kagulu ka amayi owerengeka kamathandiza. Pa nthawi ya mliriwo, ankakumana panja, motalikirana, atavala zotchinga kukamwa ndi mphuno. Aliyense amanena zakukhosi, ndipo zonenedwazo siziyenera kukamveka kumjigo. Ntchembere zimalimbitsa mtima amene ali ndi pakati koyamba.

Komatu kaguluka si chipatala. Mayi amene wakhala akungolira kwa masiku ambiri, kapena akuganiza zodzipha, anzake amuperekeze kwa namwino tsiku lomwelo.