Zovala za Gule: Njobo ya Kwathu ndi Leotard ya ku Paris

Amene mumaonera masewera a Olympics pa TV kapena timavidiyo ta pa foni munachionapo chovala china chake chothina, chogwira thupi kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, ngati vesiti ndi kabudula zosokedwa pamodzi. Chimavalidwa ndi akatswiri opidiguka m'mwamba aja, komanso ovina gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet. Dzina lake ndi leotard. Ena mukachiona mumangoti, "Asa! Ameneyu wavulatu." Musanaseke taimani kaye. Funso limene linavutitsa anthu a ku Paris mpaka kupanga chovalachi ndi lomwenso makolo athu a ku Edingeni ndi ku Embangweni analiyankha mwa njira yawo: kodi wovina avale chiyani kuti gule wake atuluke bwino?

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Inu a Fomu 3 lembani chaka chimenechi, chimakonda kubwera pa mayeso. Zwangendaba anamwalira cha m'ma 1848 ku Ufipa, dera limene lero lili mu Tanzania, ndipo mwana wake M'mbelwa anadzakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1850. Anthu amenewa moyo wawo unali ng'ombe, nkhondo ndi ulenje, ndipo zovala za ingoma zinachokera momwemo. Chishango ndi chikopa cha ng'ombe. Zoyera zimene amamanga m'mikono ndi m'miyendo ndi michira ya ng'ombe. Kumutu nthenga za mbalame, m'chiuno njobo, zikopa zodulidwa mizeremizere zolendewera. Chikopa cha nyalugwe sichinali cha munthu wamba, chinali cha makhosi, moti munthu asanayankhule unkadziwiratu kuti uyu ndi ndani.

Koma chimene ambiri sitichiganizira ndi ichi: ingoma ya ku Mzimba ilibe ng'oma. Mawuwa akufanana, eti? Komatu m'Chingoni ingoma ndi nyimbo kapena gule, osati chida chachikopa choimba ndi manja chija. Nanga kugunda kumene kumagwedeza nthaka kumachokera kuti? Kumachokera ku phazi la wovina, ku manjerenjeza a m'miyendo, ku chibonga chikamenya chishango, ndi m'manja mwa amayi oimba kumbuyo. Ndiye kuti wovina wavala ng'oma yake m'thupi. Mukam'chotsa manjerenjeza mwam'landa theka la nyimbo. Njobo nayo ili ndi ntchito. Popeza ndi yodukaduka, mwendo umakwera mmene ukufunira popanda choukoka, ndipo phazi likagunda pansi zikopa zija zimalumpha n'kugwa, kotero ngakhale munthu woima kutali, kuseri kwa khamu, amauona mgundowo ndi maso. Tayesani kuvina ingoma mutavala jinzi yothina muone ngati mungafike nayo pa nyimbo yachiwiri.

Vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO linam'lemekeza mu 2005, amatsata nzeru yomweyo. Madumbo a m'chiuno ndi zitsulo zolira zimakulitsa kunjenjemera kwa thupi kuti kumveke ndi kuoneka. Za vimbuza tisachulukitse, si gule wa masewera.

Wina anganene kuti zovala za makolo sizisintha. Ameneyo akaone malipenga ndi mganda. Magule amenewa anafalikira nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, anthu atatengera perete ya asilikali a King's African Rifles. Malaya oyera, kabudula wosita mpaka mzere wake ungacheke chala, sokosi zofika m'mawondo, kampango m'manja. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinawoloka Zambezi ndi Zwangendaba kapena chinapezeka m'midzi ya Atumbuka ndi Atonga kale, koma lero ndani angaime pa bwalo n'kunena kuti malipenga si chikhalidwe chathu?

Tsopano tiwoloke nyanja. Ballet anakulira m'nyumba za mafumu. Mfumu Louis XIV ya ku France inali yovina yokha, ndipo mu 1661 inakhazikitsa sukulu ya gule yotchedwa Académie Royale de Danse. Ovina a nthawi imeneyo ankavala ngati akupita ku phwando la mfumu: nsalu zolemera, tsitsi loikirira, zophimba kumaso, nsapato zazitali zidendene. Madiresi a akazi ankakwekwereza pansi, mapazi osaoneka n'komwe. Marie Camargo, amene anayamba kuvina ku Paris Opéra mu 1726, ankatha kulumpha n'kumenyanitsa mapazi m'mwamba ngati amuna. Koma phindu lake n'chiyani ngati anthu sakuona? Anadula diresi lake kuti akakolo aonekere. Akakolo okha basi, koma ku Paris inali nkhani ya m'kamwam'kamwa. Mnzake Marie Sallé anapitirira apo: mu 1734 ku London anavina atavala kansalu kopepuka, tsitsi atalimasula.

Mu 1832, kutatsala zaka zitatu kuti Angoni awoloke Zambezi, Marie Taglioni anavina gule wotchedwa La Sylphide ku Paris atavala siketi yoyera, yopepuka ngati utsi, yolekeza pakati pa bondo ndi kakolo. Cholinga chinali choti anthu aone mmene ankaimira pa nsonga za zala. Siketi ya mtundu umenewu ndi imene imatchedwa tutu, ndipo m'kupita kwa zaka inka nifupikirafupikira.

Kukongolako kunali ndi mtengo wake. Mabwalo a nthawiyo ankawalitsidwa ndi nyale za gasi zoyaka moto weniweni, zoikidwa pansi pafupi ndi mapazi a ovina. Panali mankhwala oviikamo nsalu kuti isagwire moto msanga, koma ankaiumitsa n'kuichotsa kuwala. Mtsikana wina waluso, Emma Livry, anakana kuvala siketi yoviikidwa. Mu Novembala 1862, ali pokonzekera chionetsero, siketi yake inakhudza nyale n'kuyaka. Anavutika ndi mabala miyezi isanu ndi itatu, n'kumwalira mu Julayi 1863 ali ndi zaka 20, msinkhu wa ena a inu a Fomu 4. Ine ndimaona kuti mlandu waukulu unali wa eni bwalo. Kuuza mtsikana kuti asankhe pakati pa kuoneka bwino pa ntchito yake ndi moyo wake, nyale zili chiyakire pamapazi pake, kumeneko si kum'patsa ufulu.

Nanga leotard? Chodabwitsa n'chakuti mwini dzinali sanali wovina ballet ayi. Jules Léotard anali mnyamata wa ku Toulouse amene bambo ake anali ndi malo ochitira masewera olimbitsa thupi. Iye ankaphunzira kuuluka kuchoka pa katungwe wina kukagwira katungwe wina, pansi pali dziwe losambiramo kuti akagwa asathyoke. Pa 12 Novembala 1859 anaonetsa luso limeneli koyamba ku Cirque Napoléon mu mzinda wa Paris. Taganizani: uli m'malere, manja onse awiri atasiya chingwe, ndiye malaya akole penapake. Wapita basi. N'chifukwa chake ankavala chovala choluka chogwira thupi, chopanda polendewera. Mwini wake ankachitcha maillot. Anamwalira mu 1870, ndipo dzina loti leotard linayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1886, iye ali m'manda kale. Ovina ballet anadzachitengera pambuyo pake pochita maphunziro, chifukwa mphunzitsi amafuna kuona ngati msana wawongoka ndi ngati bondo laloza kumene liyenera kuloza. Nsalu yotamuka imene amasokera masiku ano, spandex, inapangidwa mu 1958 ku kampani ya DuPont ku America.

Mwaonatu kusiyana kwake. Leotard imachotsa chilichonse cholendewera kuti mzere wa thupi uoneke. Njobo imawonjezera zolendewera kuti mgundo uoneke. Onse awiri anayamba aona kaye chimene thupi likuchita, kenako n'kusoka.

Kuno ku Malawi nkhani ya zovala tinaipititsa mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Lamulo la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo linathetsedwa mu 1993. Lamulolo linapita, koma pakamwa pa ena lidakalipo. Anyamata amene mumakuwiza atsikana akavala kabudula pa netibo kapena pa mpikisano wothamanga, mnzanuyo wavala chida cha ntchito, monga mmene inu mumavulira malaya povina ingoma popanda wokuimbirani mluzu.

Vuto lenileni la magulu a ingoma m'sukulu ngati yathu ino ndi zikopa. Nyama zimene makolo ankasaka zachepa m'tchire, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Munthu akakutsatsani chikopa cha nyalugwe m'thumba, thawani. Anzathu a ku South Africa anakumana nalo vuto lomweli. Amuna a mpingo wa Shembe amavina atavala zikopa za nyalugwe m'mapewa, ndipo kuyambira mu 2013 bungwe la Panthera lakhala likuwapatsa zikopa zopangidwa ku fakitale, zimene zikavalidwa pa bwalo n'zovuta kuzisiyanitsa ndi zenizeni. Alozi a ku Zambia nawonso anayamba kuchita chimodzimodzi pa mwambo wa Kuomboka.

Ife za ku fakitale tilibe, koma mbuzi ndi ng'ombe ndiye zathu. Chikopa cha mbuzi chofufutidwa bwino n'kudulidwa mizere chimalumpha mofanana ndi china chilichonse. Chimene sindigwirizana nacho ndi timapepala ta pulasitiki todulidwadulidwa: n'topepuka kwambiri, timangouluka ndi mphepo m'malo motsata phazi, ndiye mgundo suoneka. Amene mudzapite ku Umthetho ku phiri la Hora mu Ogasiti mukayang'anitsitse m'chiuno ndi m'miyendo mwa madoda, mukafunse mwaulemu dzina la chovala chilichonse ndi nyama imene chinachokera, mudzatibweretsere tidzamate pa bolodi pano. Ndipo ngati kwanu kuphedwa mbuzi holide ikubwerayi, pemphani chikopa agalu asanachipeze. Chikhomeni pamthunzi, muthire mchere mkati mwake, mubwere nacho potsegulira teremu.