Mutu wa Mbali Imodzi Umene Panado Sautha

Kuno ku Chadiza mutu ukawawa mbali imodzi timangoti ndi ching'alang'ala. Koma pali mutu wina woposa pamenepo, umene madokotala amautcha cluster headache. Umagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 1,000, makamaka abambo.

Umabaya m'diso limodzi ndi palitsipa. Disolo limafiira, misozi ili chuchuchu, mphuno ya mbali yomweyo n'kutseka. Wa ching'alang'ala amafuna kugona mu mdima, koma wa mutu uwu sakhazikika. Amangozungulira pabwalo atagwira diso. Ululu umatenga mphindi 15 mpaka maola 3, mawa lake n'kubweranso nthawi yomweyo, kawirikawiri usiku, kwa masabata angapo. M'masabata amenewo ngakhale kapu imodzi ya mowa imaudzutsa.

Nanga Panado amalephereranji? Piritsi liyenera kusungunuka m'mimba kaye lisanalowe m'magazi, pamene ululu uwu umafika pachimake m'mphindi zochepa. Zili ngati kupita kukatunga madzi kudambo nkhokwe ikupsa. Mphini nazo zimangosiya zipsera.

N'chifukwa chake chipatala chimagwiritsa ntchito njira zachangu. Wodwala amakhala tsonga, n'kumapuma mpweya wa okosijeni wokhawokha pamasiki, malita 12 pa mphindi, kwa mphindi 15. Ambiri amapeza bwino pompo. Njira ina ndi jakisoni wa sumatriptan wobaya pansi pa khungu. Amatontholetsa mtsempha wa kumaso umene umanyamula ululuwo, komanso amafinya mitsempha ya magazi. Pachifukwa chimenechi, wodwala mtima sapatsidwa jakisoniyu.

Palinso mankhwala oletsa mutuwo kubwera. Odalirika ndi verapamil, omwe amamwedwa tsiku lililonse. Amachedwetsa kugunda kwa mtima, choncho dokotala amayeza mtima ndi makina a ECG asanawonjezere mlingo. Musagawireko mnzanu, ngakhale akudandaula chimodzimodzi. Poti verapamil amachedwa kuyamba ntchito, dokotala angapereke prednisolone kwa masiku ochepa.

Yambirani kuchipatala cha boma cha Chadiza. Kumeneko angakulembereni kalata yopita ku Chipata Central Hospital, mwinanso ku UTH ku Lusaka, kumene kuli madokotala a ubongo. Popita, tengani kope limene mwalembamo tsiku, ola limene mutu unayamba ndi ola limene unaleka. Koma mutu ukabwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, musadikire kulemba. Thamangani tsiku lomwelo, poti angakhale malungo kapena matenda oumitsa khosi.