Phunziro la mwezi uno: Vuto la mwana tipite nalo khomo liti?

Abale ndi alongo, chaka chatha ndinakumana ndi mayi wina amene amakhala kuno ku Mabeskraal. Mwana wawo wamkazi wa zaka 8 anabwezedwa pasukulu ina ya boma mu January chifukwa analibe setifiketi yobadwira. Mayiwo anachita zimene ambiri a ife tikanachita: anapita kwa khansala. Khansalayo anawalandira bwino ndi kuwalembera kalata yotsimikizira kumene amakhala, koma anawauza kuti zolemba ana sukulu si za ofesi yake. Mayiwo anaganiza kuti akanizidwa mwaulemu, nabwerera kunyumba kukakhala. Pamene tinkakumana mu March, mwanayo anali atataya teremu yonse akutsuka mbale ndi kulera mng'ono wake.

Khansalayo sananame. Mayiwo anangogogoda pakhomo lolakwika. Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti tidziwe amene amayang'anira sukulu, amene amayang'anira chitetezo cha ana, ndi gawo limene khonsolo ili nalo, kuti mwana wina asatayenso teremu chifukwa makolo sanadziwe kolowera.

1. Kumene tinachokera ndi kuno nkosiyana

Ine ndinakulira ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo ndinaphunzira komweko mpaka Fomu 4. Kukampu zonse zinali pafupi: vuto la sukulu tinkapita nalo ku JRS, vuto la mapepala ku UNHCR kapena kwa oyang'anira kampu. Anzathu a ku Malawi anazoloweranso kuti paboma pali zonse, chifukwa kuchokera pa lamulo la maboma aang'ono la 1998 sukulu za pulayimale zinayamba kuperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Ofesi ya DEM ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu zonse zili pansi pa DC.

Kuno ku South Africa kulibe kampu, ndipo ntchito za boma anazigawa patatu. Pali boma lalikulu, pali boma la chigawo, ndiye pali masipala, amene ife timati khonsolo. Mabeskraal ili pansi pa khonsolo ya Moses Kotane, imene likulu lake lili ku Mogwase. Khonsoloyi ili m'dera lalikulu la Bojanala Platinum, lokhala ndi maofesi ku Rustenburg, ndipo zonsezi zili m'chigawo cha North West, chimene likulu lake ndi Mahikeng. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1996, anaika maphunziro ndi chisamaliro cha anthu m'manja mwa boma lalikulu ndi boma la chigawo. Choncho khansala salemba mphunzitsi ntchito, sangamuchotse, ndipo sangalamule ahedi kuti alandire mwana.

2. Amene amayang'anira sukulu

Vuto la kusukulu lili ndi makwerero ake. Timayambira kwa mphunzitsi wa kalasi, kenako ahedi, kenako komiti yoyendetsa sukulu yotchedwa SGB. Zikakanika pamenepo timapita kuofesi ya maphunziro ya dera, imene kuno amati circuit, ndipo pamwamba pake pali ofesi ya maphunziro ya Bojanala. Pamwamba pa onse pali nduna ya maphunziro ya chigawo, imene amaitchula kuti MEC.

Komiti ya SGB tisaipeputse. Lamulo la sukulu, South African Schools Act la 1996, limati makolo akhale ochuluka mukomitiyi kuposa mamembala ena onse ovota. Imasankhidwa zaka zitatu zilizonse, ndipo chisankho china chinachitika mu March 2024. Ndi komitiyi imene imakonza bajeti ya sukulu ndi kuibweretsa pamsonkhano wa makolo kuti aivomereze. Ngati mwana wanu analembedwa pasukulupo, inu ndinu kholo la pasukulupo monga wina aliyense. Pitani kumisonkhano, ngakhale Chitswana chikuvuteni; khalani pafupi ndi munthu woti azikumasulirani.

Lamulo lomweli lili ndi mfundo zinayi zoyenera kuziloweza pamtima. Mwana sangakanizidwe malo pasukulu ya boma chifukwa makolo alephera kulipira fizi. Sukulu siloledwa kusunga lipoti la mwana chifukwa cha ngongole ya fizi. Mphunzitsi saloledwa kumenya mwana. Ahedi kapena SGB sangachotseretu mwana sukulu. Mphamvu imeneyo ili ndi mkulu wa dipatimenti ya maphunziro ya chigawo yekha. Dziwaninso kuti sukulu zambiri za m'midzi ndi zosalipiritsa fizi ndipo ana amalandira chakudya. Pasukulu yolipiritsa, kholo losauka lili ndi ufulu wopempha fomu yochotsera kapena kuchepetsa fizi.

Koma lamuloli limatimanganso ifeyo. Kholo lili ndi udindo wotumiza mwana kusukulu mpaka chaka chimene akwanitse zaka 15 kapena kumaliza Giredi 9. Lamulo latsopano la BELA, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira mu September 2024, linaonjezera kuti Giredi R nayonso ndi yokakamiza. Kusunga mwana pakhomo kuti azilera anzake kapena kugulitsa pamsewu ndi mlandu.

3. Mwana wopanda mapepala

Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera, choncho timvetsetse. Gawo 29 la malamulo aakulu limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira. Silinena kuti nzika yokha, limati aliyense. Lamulo la othawa kwawo la 1998 nalonso poyamba linkati wothawa kwawo wovomerezeka alandire maphunziro a pulayimale monga eni dziko.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri ana opanda setifiketi yobadwira ankabwezedwa, ndipo ochuluka mwa iwo anali ana a kuno konkuno. Bungwe la Centre for Child Law pamodzi ndi komiti ya sukulu ya Phakamisa anatengera nkhaniyi kukhoti lalikulu la ku Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape. Pa 12 December 2019 khotilo linagamula kuti mwana asabwezedwe kapena kuchotsedwa sukulu chifukwa chosowa setifiketi, pasipoti kapena pemiti, ndipo kuti ahedi alandire kalata yolumbira ya kholo kapena womusunga, yofotokoza mwanayo. Pambuyo pake unduna wa maphunziro unatumiza kalata kuzigawo zonse, Circular 1 of 2020, kuti sukulu zitsatire chigamulocho.

Izi ndi zimene tinachita ndi mayi aja. Tinapita kupolisi kukalemba kalata yolumbira, imene kuno amati afidaviti, ndipo salipiritsa. Tinalembamo dzina la mwana, tsiku lobadwa, kumene anabadwira ndi chifukwa chimene alibe setifiketi. Tinatenganso khadi la kusikelo ndi kalata ija ya khansala, imene tsopano inagwira ntchito yake yeniyeni, yoonetsa kuti mwanayo amakhala m'deralo. Pasukulu anazengerezabe, ndiye tinapempha kuti atilembere chifukwa chokanira, n'kupita nacho kuofesi ya maphunziro ya dera. Teremu yachiwiri potsegulira, mwanayo anali m'kalasi.

Akakukanirani, musachoke ndi mawu apakamwa okha. Pemphani chifukwa cholembedwa. Lamulo limakupatsani ufulu wochita apilo kwa MEC, koma masiku ake ndi owerengeka, choncho musagone nayo nkhani. Mwana akalowa sukulu pitirizani kutsata mapepala ake ku Home Affairs, chifukwa adzawafuna m'tsogolo muno.

4. Nanga khonsolo ntchito yake ndi yotani?

Musamve ngati khonsolo ilibe gawo pa ana athu. Ilinalo, ndipo ndi lalikulu. Madzi a m'mudzi, misewu ya m'mudzi imene ana amayendamo, magetsi a mumsewu, kuchotsa zinyalala, mabwalo a masewero ndi kuvomereza mapulani a nyumba, zonsezi ndi za khonsolo. Malamulo aakulu anaikanso malo osungirako ana aang'ono pamndandanda wa ntchito za makhonsolo.

Tione kusiyana kwake. Mipopi ikauma m'mudzi monse, sukulu n'kumaweruka msanga, pitani kwa khansala. Koma chimbudzi cha pasukulu chikagumuka, kapena chikakhala cha dzenje choopsa kwa ana aang'ono, mwini ntchito ndi dipatimenti ya maphunziro. Mu January 2014 mwana wa zaka 5, Michael Komape, anagwera m'chimbudzi cha dzenje pasukulu ya m'mudzi wa Chebeng ku Limpopo n'kufera momwemo, ndipo amene anakayankha mlanduwo kukhoti anali akuluakulu a maphunziro. Mukaona chimbudzi chotere, musadikire maliro. Uzani ahedi ndi SGB, ndipo lembani kalata kuofesi ya maphunziro.

Za makireshi, amene kwathu timati sukulu za mkaka, zili pawiri. Kuyambira pa 1 April 2022 kulembetsa ndi kuthandiza makireshi kunachoka ku dipatimenti ya zachisamaliro cha anthu kupita ku dipatimenti ya maphunziro. Koma oyendera zaukhondo ochokera kukhonsolo ndiwo amaona ngati nyumbayo ili ndi madzi, zimbudzi, mpanda ndi khitchini yoyenera. Lamulo la ana, Children's Act la 2005, limati malo osunga ana oposa 6 alembetsedwe. Amayi amene mumasiya ana popita kumaganyu, funsani kuona setifiketi ya malowo. Inunso amene mumasungira anzanu ana pakhomo, ana akapitirira 6 kalembetseni.

Ife sitivota pachisankho cha makhansala, chifukwa amavota ndi nzika zokha. Koma lamulo la Municipal Systems Act la 2000 limawerenga onse okhala m'deralo kuti ndi anthu a khonsoloyo, oyenera kumvedwa. Wadi iliyonse ili ndi komiti ya anthu osapitirira 10, wapampando wake ndi khansala. Chaka chilichonse khonsolo imaitanitsa misonkhano yokambirana dongosolo la chitukuko lotchedwa IDP ndi bajeti imene imayamba pa 1 July. Mlatho wa ana kapena getsi la pamsewu wa kusukulu zimapemphedwa kumeneko. Poti Mabeskraal ndi mudzi wa mfumu, wa a Batlhako ba Matutu, ndi ulemu kudziwikanso kuofesi ya mfumu ndi kupita kumisonkhano ya m'mudzi.

5. Mwana akakhala pangozi

Nkhanza, kugwiriridwa, kusiyidwa yekha masiku ambiri, kukwatiwitsidwa ali wamng'ono: izi si za khansala, si za SGB, ndipo si zokambirana pakhomo kuti munthu alipe mbuzi. Khomo lake ndi social worker wa dipatimenti ya zachisamaliro cha anthu, kapena apolisi. Nambala ya Childline ndi 116, yaulere usana ndi usiku. Ya polisi ndi 10111. Khoti lililonse la majisitireti limakhalanso khoti la ana. Gawo 110 la lamulo la ana limakakamiza aphunzitsi, anamwino, atsogoleri a mipingo ndi mafumu kunena akaona zizindikiro za nkhanza, ndipo wina aliyense ali ndi ufulu wokanena.

Ndikudziwa mantha amene tili nawo: "Ndikapita kupolisi andifunsa pemiti." Gawo 28 la malamulo aakulu limateteza mwana aliyense wosakwana zaka 18, posayang'ana kumene anabadwira. Ngati mukuopa, yambani mwaimba 116, kapena pitani ndi mmodzi wa ife odzipereka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikakhala chete tathandiza womuzunzayo.

Ofesi ikakukanizani thandizo chifukwa ndinu mlendo, bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, South African Human Rights Commission, lili ndi ofesi m'chigawo cha North West. Mabungwe a Legal Aid South Africa ndi Lawyers for Human Rights amathandiza pa zamalamulo popanda malipiro.

Zoti tichite mwezi uno

Gulani kope limodzi la nkhani za ana anu. Ofesi iliyonse imene mwapita, lembani tsiku, udindo wa amene munalankhula naye ndi zimene anayankha. Jambulani pafoni mapepala onse a mwana, ndipo popereka kalata sungani ina yodindidwa. Funsani kwa anansi nambala ya wadi yanu ndi masiku a msonkhano wotsatira.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi m'dera lanu muli mwana wa msinkhu wa sukulu amene ali pakhomo? Chamulepheretsa n'chiyani, ndipo khomo lake ndi liti?
2. Mwana wabwera ndi mikwingwirima ya ndodo kuchokera kusukulu. Muyambira kwa yani, ndipo akapanda kukuthandizani mupita kuti?
3. Ndani pagulu lanu amene amamva Chitswana, woti akaimirire enanu pamsonkhano wa wadi?

Pokumana mwezi wamawa, aliyense abwere ndi yankho la funso loyamba. Amene akufuna kuperekezedwa kukalemba afidaviti auze wodzipereka wa m'dera lake teremu isanatsegulidwe.