Wotchi Yoyeza Mphamvu za Agogo Odwala Mtima

Agogo awiri akhoza kukhala ndi zaka 75, onse odwala mtima, koma wina n'kumapita yekha kudimba pamene mnzake akulephera kufika pachitsime. Madokotala amati thupi la wachiwiriyu lafooka, ndipo kufooka kotere si ukalamba chabe. Munthu wotere chimfine chimamugoneka milungu, mankhwala amphamvu amamulemera, ndipo opaleshoni ya mtima imamuika pachiswe kuposa mnzake uja.

M'chaka cha 2001, Dr Linda Fried ndi anzake ku America adatchula zizindikiro zisanu za kufookaku: kuonda mosafuna ndi makilogalamu 4.5 pachaka, kutopa kosatha, manja osagwira zolimba, kuyenda mochedwa ndiponso kusiya ntchito zomwe thupi lidazolowera. Amene ali ndi zitatu mwa zimenezi amawerengedwa wofooka.

Vuto ndi lakuti dokotala amaonana ndi wodwala kwa mphindi zochepa, ndipo agogo ambiri akafunsidwa amangoti, "Ndili bwino." N'chifukwa chake ofufuza a m'maiko olemera akuyesa mawotchi ovala pamkono. M'kati mwa wotchi yotere muli kachipangizo komva kugwedezeka kwa thupi, kamene kamawerenga masitepe ndi nthawi imene munthu wakhala osasuntha. Kunsi kwake kuli kanyali kounika pakhungu, kowerenga kugunda kwa mtima. Wodwala akaivala sabata yathunthu kunyumba, dokotala amaona mmene amakhalira tsiku ndi tsiku asanasankhe chithandizo.

Komabe mawotchiwa ndi okwera mtengo, amafuna magetsi ndi foni yamakono, ndipo amaphonya masitepe a munthu woyenda mokwekwesa mapazi kapena ndi ndodo. Sapereka chigamulo, amangothandiza dokotala.

Phunziro kwa ife m'mawodi athu ndi lakuti zambiri zimene wotchi imalemba, wosamalira agogo amaziona ndi maso. Kodi malaya ayamba kuwakulira? Kodi asiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti? Kodi akulephera kufinya nsalu yonyowa?

Mungathenso kuwayeza pabwalo. Lembani mizere iwiri yotalikirana mamita 5 pamalo osalala, agogo ayende monga amayendera masiku onse, inu muli pambali pawo, mukuwerenga nthawi pafoni. Akapitirira masekondi 6, madokotala a mtima amati kuyendako n'kochedwa. Lembani zotsatira mwezi uliwonse, mukazionetse pa tsiku la sikelo yawo kuchipatala.

Kufooka kukadziwika msanga kumachepetseka. Agogo aziyendako tsiku lililonse monga achipatala awalangizira, azidya nyemba, usipa, mazira ndi nsinjiro, mchere uchepe, ndipo asadumphitse mankhwala. Koma akayamba kubanika, kutupa miyendo kapena kumva kupweteka pachifuwa, musadikire tsiku la sikelo. Apititseni kuchipatala tsiku lomwelo.