Bambo akapezeka ndi khansa ya prostate: uthenga kwa a pabanja

Adokotala akangotchula mawu akuti khansa, mabanja ambiri amayamba kuganiza za maliro. Musafulumire. Mwa abambo ambiri khansa ya prostate imakula pang'onopang'ono, ndipo ngakhale itafika kale m'mafupa, mankhwala amatha kuigwira kwa zaka, munthu nkumalima, nkumapita ku tchalitchi kapena ku mzikiti.

Prostate ndi kachiwalo kukula ngati suku, kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna ndipo kanazungulira njira ya mkodzo. Khansa yake imagwira kwambiri abambo opitirira zaka 50. Kuvutika pokodza sikuti nthawi zonse ndi khansa, chifukwa kachiwaloka kamathanso kungokula ndi ukalamba. Nchifukwa chake adokotala amayeza m'magazi chinthu chotchedwa PSA, amapima ndi chala, kenako amadula kanyama kukakaunika.

Chithandizo chimene chilipo

Ikapezeka msanga, isanatuluke m'kachiwaloka, amaichotsa pa opaleshoni kapena amaiwotcha ndi makina a radiotherapy. Nthawi zina adokotala amasankha kumangoiyang'anira poyeza PSA kawirikawiri. Kumeneko si kukutayani. Zipatala za maboma zimatumiza odwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kulinso National Cancer Centre, Zomba Central ndi Mzuzu Central.

Kwathu kuno abambo ambiri amafika itafalikira kale, ndipo chithandizo chachikulu chimakhala kuimana chakudya. Khansayi imakula ndi mphamvu yachimuna yotchedwa testosterone, yomwe imapangidwa m'machende. Dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, ndi amene anaonetsa mu 1941 kuti mphamvuyi ikachepetsedwa khansa imafota, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1966. Njira zochepetsera mphamvuyi ndi ziwiri: jakisoni monga goserelin, wobaya pakhungu la pamimba mwezi uliwonse kapena pakatha miyezi itatu, kapena opaleshoni yaing'ono yochotsa machende.

Apa ndi pamene abambo ambiri amathawira. "Ine ndifulidwe ngati ng'ombe ya ngolo?" Mantha amenewa ndi omveka, musawaseke. Koma dziwani kuti jakisoni ndi opaleshoni zimachita chinthu chimodzi m'thupi. Kwa bambo wokhala kutali ndi chipatala, amene ndalama ya minibasi imamuvuta mwezi ndi mwezi, opaleshoni ya kamodzi imathandiza kuposa jakisoni wodumphadumpha. Njira zonse ziwiri zimabweretsa kutentha kwa thupi kodzidzimutsa ndi thukuta la usiku, kutopa, kunenepa, kufooka kwa mafupa, ndi kuchepa mphamvu kuchipinda. Inu amayi, nkhani ya kuchipindayi mukaimve limodzi kwa adokotala. Achibale asamanong'onezane kuti bambo agwa mu mpapaya, chifukwa mawu otere ndi amene amasiyitsa anthu mankhwala.

Ululu

Khansayi imakonda msana, chiuno ndi ntchafu. Bambo asamalimbe mtima nkumabuula okha usiku. Panado akalephera, achipatala amapereka mofini wamadzi. Amamwedwa motsata wotchi, kawirikawiri maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere. Mofini satanthauza kuti munthu watsala pang'ono kumwalira, ndipo akamwedwa monga anenera achipatala safupikitsa moyo. Vuto lake ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo, ndipo bambo azidya papaya, masamba ndi kumwa madzi okwanira. Botolo likhale patali ndi ana. Likatsala la masiku atatu, mutumeni munthu ndi kabuku ka kuchipatala akatenge lina.

Chisamaliro chotere chimapezeka m'zipatala za maboma, ku Tiyanjane pa Queen Elizabeth, komanso ku Ndi Moyo ku Salima.

Paipi ya mkodzo

Ngati awaika paipi, thumba la mkodzo lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse: pansi pa bedi akagona, lomangirira pa mwendo m'kati mwa buluku akamayenda. Likakwera pamwamba mkodzo umabwerera nkuyambitsa matenda. Khuthulani lisanadzaze, sambani m'manja ndi sopo musanagwire ndi mutagwira, ndipo tsukani pamene paipi yalowera tsiku lililonse. Tsiku losintha paipi lilembedwe m'kabuku. Abambo ena amasiya kumwa madzi kuti thumba lisadzaze. Kumeneko ndiye kutseketsa paipi.

Amene sakudzukanso muziwatembenuza maola awiri aliwonse, pogona pakhale pouma, kuti asatuluke zilonda m'matako ndi m'zidendene. Ambiri safuna kusambitsidwa ndi mwana wawo wamkazi kapena mpongozi. Afunseni amene akumufuna, ndipo ana aamuna ndi adzukulu atengepo mbali, mayi asathere yekha pa ntchitoyi.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo

Ngati msana wapweteka mwadzidzidzi kuposa kale, miyendo yachita dzanzi kapena yafooka, kapena bambo ayamba kudziyipitsira osazindikira, musadikire kuti kuche. Zimenezi zingasonyeze kuti khansa ikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo kuchedwa ndi tsiku limodzi kungawasiye osayendanso. Chimodzimodzi mkodzo ukatsekeka, mumkodzo mukatuluka magazi oundana, kapena thupi likatentha ali ndi paipi.

Ngati pali mankhwala azitsamba amene akumwa, auzeni achipatala mosabisa, ndipo asasiye jakisoni chifukwa cha iwo.

Khansayi imayenda m'magazi a banja. Abale a bambo aamuna ndi ana awo aamuna akafika zaka 45 akafunse za kuyeza PSA, ngakhale akukodza bwinobwino.