Kodi Maulosi Analembedwa Yesu Atabadwa Kale?

Kalata ya lero yachokera ku Madziabango, m'boma la Blantyre. Bambo amene atilemberawa akuti anzawo ena amawauza kuti maulosi onena za Mesiya anachita kuwonjezeredwa Yesu atabadwa kale. Akufunsa ngati ndi zoona.

Ayi, si zoona. Mu 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu yakale m'phanga ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. Umodzi unali buku lonse la Yesaya, lokopedwa zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, ndipo mutu 53, wonena za mtumiki wozunzika chifukwa cha zolakwa za ena, ulimo.

Akhristu amaona Yesu m'mutu umenewu. Mu Machitidwe 8, Filipo anapeza nduna ya ku Itiyopiya, munthu wa kuno ku Africa, ikuuwerenga pagaleta, ndipo anayambira pomwepo kuifotokozera za Yesu. Palinso maulosi ena. Mika 5:2 anatchula Betelehemu monga kumene kudzachokere wolamulira, ndipo Mateyu 2 akuti ansembe aakulu ndi alembi anauza Mfumu Herode mawu omwewo. Zekariya 9:9 ananena za mfumu yokwera bulu, zimene timakumbukira pa Lamulungu la Kanjedza.

Komabe bambowa adziwenso kuti Ayuda ambiri amati mtumiki wa pa Yesaya 53 ndi mtundu wa Israeli. Kusiyana kuli pa tanthauzo. Zoti mawuwo analipo kale, onse amavomereza.