Musanafunsire malo ku kampani ya maloya ku England

Makampani ambiri akuluakulu amatseka kulandira makalata a vacation scheme pofika Januwale. Ndi sabata imodzi kapena ziwiri chabe, komatu m'menemo ndi momwe amasankhira oti adzawapatse training contract, kawirikawiri kudakali zaka ziwiri kuti ntchitoyo iyambe. Mukachedwa, basi, mudikira chaka chamawa.

Osalemba kalata imodzi n'kumangosintha dzina la kampani. Owerengawo amatulukira msanga. Ifufuzeni kampaniyo: imagwira milandu yanji, makasitomala ake ndi ndani?

Kwa ife kufufuzaku n'kofunika kawiri. Trainee amazungulira madipatimenti, nthawi zambiri anayi, miyezi 6 iliyonse. M'makampani ambiri a ku London ina mwa iwo ndi ya mabanki, komwe ntchito yanu ingakhale kukonza mapangano a ngongole zachiwongoladzanja. Funso la riba mukawafunse a shehe odziwa panopa, osati mutasaina kale, mtima uli pa malipiro. Makampani ena ali ndi gulu la Islamic finance. Si nkhambakamwa: boma la Britain lenilenilo linagulitsa sukuk ya £200 miliyoni mu 2014. Funsani ngati trainee amaloledwa kukhalako.

Akakukanani, khomo silinatsekeke. Chiyambireni SQE mu 2021, zaka ziwiri zophunzira ntchito mutha kuzisonkhanitsa m'malo osapitirira anayi, kuphatikizapo law clinic.

Za Jumu'ah, kambiranani nawo poyera mukangopatsidwa malo. Equality Act 2010 imaletsa tsankho pachipembedzo, koma ola la Lachisanulo muyenera kupempha nokha.